Amene Ankaseka Pamsika wa Orlenroda

1. Chithunzi cha Mayi Weidlich

Lachinayi limenelo ana a kalasi ya khumi sanaphunzirire kusukulu. Aphunzitsi awo a mbiri yakale, Bambo Rennert, anawatengera ku nyumba yosungiramo zikalata zakale za tauni ya Orlenroda, kuseri kwa tchalitchi chachikulu. Unali mwezi wa Novembala ndipo mphepo inkaluma makutu, choncho anawo analowa m'chipinda chofundacho mokankhana.

Henrike Trautvetter, mtsikana wa zaka 16, anakhala mzere wakumbuyo. Sanali wolongolola, sanalinso wamanyazi. Anali mmodzi wa ana aja amene aphunzitsi amati savuta, anzawo n'kumati alibe nkhani.

Amene anawalandira anali Mayi Weidlich, mayi wachikulire wamfupi, wa imvi mutu wonse. Mayiwa anaphunzitsa mbiri ya dziko la Jeremani ku yunivesite kwa zaka zoposa makumi atatu. Atapuma pantchito anabwerera ku Orlenroda komwe anabadwira, n'kuyamba kufukula zikalata zomwe anthu ambiri ankafuna kuti zingokhala m'makatoni momwemo.

Sanataye nthawi ndi malonje. Anakoka nsalu yomwe inaphimba khoma, ndipo panaoneka chithunzi chakale, chachikulu ngati chitseko.

Ana onse anapazindikira pamalopo. Panali pamsika pawo pomwe, pafupi ndi kasupe wamiyala, pomwe masiku ano pamaima ngolo yogulitsa soseji zootcha. Koma pachithunzipo panali ngolo ina. Pamwamba pake anakhazikapo mtsikana pampando, manja atamumanga kumbuyo, chikwangwani chili pachifuwa. Bambo wina wovala yunifolomu ankamumeta mpala, ndipo tsitsi linali litaunjikana pamiyendo pake. Ngoloyo inazunguliridwa ndi khamu la anthu, ena atanyamula ana pamapewa kuti aone bwino.

Mayi Weidlich anafotokoza kuti izi zinachitika mu Seputembala 1941, dziko likulamulidwa ndi chipani cha Nazi. Mtsikanayo dzina lake anali Elfriede Sommerlatt. Mlandu wake unali wokondana ndi mnyamata wa ku Poland, mmodzi wa anthu amene anagwidwa kwawo pa nkhondo n'kubweretsedwa kudzalima mokakamizidwa. Atamumeta anamuyendetsa m'misewu, kenako anamutumiza kundende yachibalo. Sanabwereko.

"Aliyense akaona chithunzi ichi maso ake amathamangira kwa wometayo," anatero Mayi Weidlich. "Amatero chifukwa wometayo ndi wosavuta kudana naye. Ine ameneyo ndinathana naye kalekale. Dzina lake ndikulidziwa, manda ake omwe ndikuwadziwa. Amene andidyera zaka ndi awa aima pansiwa. Tayang'anani nkhope zawo. Mukuonapo mantha? Ine ndawafunafuna ndi galasi lokulitsa zinthu, sindinawapeze. Ndawerenga zikalata zonse za tauni ino za chaka chimenecho, ndipo palibe munthu amene analangidwa chifukwa chokhala kunyumba tsiku limenelo. Anabwera okha, ena atavala zakutchalitchi. Wometayo akanakhala yekha pamsika wopanda anthu, akanangooneka chitsiru chonyamula lumo. Amene anamupatsa mphamvu ndi osekawa. Musaganizenso kuti zinali zilombo. Anali ophika buledi, aphunzitsi, amayi olera ana. Atachoka apa anapita kukadya, n'kugona tulo tawo tabwinobwino."

Nkhope iliyonse mayiwo anali ataiika nambala. Zonse zinalipo 63, koma mayina ankadziwa a anthu 20 okha. Anati mu Januwale chithunzicho chidzaikidwa poti aliyense wa m'tauni achione, mayina ali pansi pake. Anapatsa mwana aliyense kachithunzi kakang'ono ndi khadi, kuti akafunse kunyumba ngati pali nkhope yomwe akuidziwa, alembe dzina pakhadipo, n'kubwera nalo Lachinayi linalo.

2. Tinkhope toseka

Bambo Rennert anapereka mphindi khumi zopumula. Apa ndi pomwe Torben Kuhnert anapezera mpata.

Torben anali mnyamata wamtali, katswiri wa mpira. Akangotsegula pakamwa kalasi yonse inkaseka, nthabwala ikhale yokoma kapena yozizira. Anajambula chithunzi chija ndi foni, n'kuwerama pakona, zala zikuthamanga.

Posakhalitsa foni ya Henrike inanjenjemera m'thumba. Pa gulu la pa foni la kalasi yawo panali patabwera chithunzi. Chinali chomwe chija cha pakhoma, koma pamalo pa nkhope ya Elfriede, Torben anamatapo nkhope ya Thao Pham. Pachikwangwani cha pachifuwa analembapo kuti: BWERERA KWANU.

Thao anali mnzawo wa m'kalasi momwemo. Makolo ake anachokera ku Vietnam zaka zambiri zapitazo kudzagwira ntchito m'fakitale ya nsalu, ndipo fakitaleyo itatsekedwa anatsegula kasitolo ka ndiwo zamasamba. Thao anabadwira m'chipatala cha ku Orlenroda, mwezi umodzi ndi Henrike. Pa gulu la pa fonilo iyenso analipo.

Pansi pa chithunzicho tinkhope tachikasu toseka mpaka misozi tinayamba kugwa ngati matalala. Henrike anachiona chithunzicho bwinobwino. Atadzutsa mutu anapeza Torben akumuyang'ana, nsidze atakweza, ngati akufunsa kuti nanga iwe. Ena awiri anacheukanso.

Henrike anadina. Kankhope kake koseka kanapita kukafola pamzere wa tinzake.

Thao anali mipando itatu kuchokera pomwe panali Henrike. Anayang'ana foni yake kanthawi, anaitembenuza chafufumimba patebulo, n'kupitiriza kulemba zomwe ankalemba. Makutu ake okha ndi amene anafiira.

Nthawi yopumula itatha, Mayi Weidlich anauza anawo kuti abwere mmodzimmodzi adzayang'ane nkhope zija ndi galasi. Ambiri ankangodutsitsa galasilo n'kupatsira mnzawo. Wina ananena kuti bambo wa nambala 40 akufanana ndi galu wa kwawo, ndipo panamveka kuseka.

Henrike anayambira kumanzere. Anadutsa agogo ena a chipewa, anadutsa mayi wobereka dengu, n'kufika pa nambala 14.

Anali mtsikana wa msinkhu wake, tsitsi lolukidwa pawiri, ataima kutsogolo kwenikweni. Anatsamira paphewa la mnzake chifukwa cha kuseka. Pakamwa panali yasa, ndipo pakati pa mano akutsogolo panali kampata. Pa nsidze yakumanja panali kachipsera.

Henrike ankaidziwa nkhope imeneyo. Inali m'felemu pamwamba pa wailesi kunyumba kwa agogo ake, ndi tsitsi lomwelo, kampata komweko, kachipsera komweko. Anali Gogo Liesbeth, mayi awo a agogo ake aamuna. Anamwalira Henrike ali ndi zaka 11. Ankamuphikira keke ya mapulamu, ndipo akaseka ankatsamira paphewa la aliyense amene ali pafupi.

Henrike anaika galasi patebulo, anatuluka osapempha chilolezo, n'kuthamangira kuchimbudzi. Anasanza buledi yense amene anadya m'mawa. Atatsuka m'kamwa sanafune kudziyang'ana pakalilole.

3. Chenjezo la agogo

Atachoka kumeneko sanapite kwawo. Anapalasa njinga kupita kwa agogo ake, a Eckehard, amene ankakhala okha m'kanyumba ka m'mphepete mwa njanji. Kale ankakonza makina m'fakitale ya nsalu ija.

Anawapeza akupakula supu ya mbatatesi. Anamupakulira nayenso, n'kumuuza kuti keke ya mapulamu ilipo, yophika monga ankaphikira mayi awo. Henrike anaika kachithunzi kaja pambali pa mbale yawo, chala chili pa nambala 14.

Agogowo sanavale n'komwe magalasi. Anangokankhira kachithunziko kumbali ndi chigongono.

"Khala pansi, Rike, undimve," anatero. "Ukuganiza kuti chithunzi chimenechi n'chachilendo kwa ine? Ndinachiona bambo ako asanabadwe. Mayi anga anali mwana wa zaka 16. Kusukulu, pawailesi, ku gulu la atsikana la chipani, konse ankawauza chinthu chimodzi, m'mawa ndi madzulo. Iwe wakula nthawi yabwino, ndiye kuweruza sikukuvuta. Ine ndakhala pansi pa maboma awiri, mayi anga anayi. Boma lililonse linabwera ndi mbendera yake ndi anthu ake olemba mayina. Nthawi ija dziko lino lili logawidwa pawiri ndi khoma, mnzanga wa ku fakitale amene ndinkagawana naye buledi ankalemba zonse zomwe ndinkalankhula n'kukapereka ku polisi yachinsinsi. Ndinadzadziwa boma litagwa. Ndinamuchita chiyani? Palibe. Mpaka lero timapatsana moni, chifukwa tauni ino ndi yaing'ono ndipo tonse tidzagona kumanda amodzi. Anthu akukhalira limodzi kuno chifukwa amadziwa kutseka pakamwa. Mayi Weidlich adzalemba buku lawo, anthu a m'mizinda ikuluikulu adzawaombera m'manja. Iwe udzatsala kuno ndi dzina la Trautvetter. Bambo ako amagwira ntchito ndi zidzukulu za anthu ali pachithunzipo. Ukatchula dzina limodzi, mabanja ena onse adzaona ngati wawaloza chala, ndipo sadzakukhululukira. Akufa asiye agone. Khadi limenelo kabweze lopanda kanthu, monga achitire anzako onse."

Henrike anafunsa ngati Gogo Liesbeth ankamudziwa Elfriede.

Agogowo anatenga nthawi akuvundula supu. Kenako anavomera kuti nyumba zawo zinali zogundizana. Anati mayi ake a Liesbeth ankadwaladwala, moti kuyambira Liesbeth ali wamng'ono, amene ankamuluka tsitsi m'mawa uliwonse asanapite kusukulu anali Elfriede.

Henrike anayang'ananso kachithunzi kaja, tsitsi lolukidwa bwino la wina ndi tsitsi la pamiyendo la winayo. Fungo la keke linamufika m'mphuno. Anakankha mbale.

"Ndiye inu mwadziwa zaka zonsezi, n'kumangodya keke?"

"Usandilankhule choncho m'nyumba mwanga. Ndakuuza kale, anali ndi zaka 16 zokha."

"Inenso ndili ndi 16, agogo."

Agogowo anamenya supuni patebulo. Henrike anatola kachithunzi kake n'kutuluka. Za foni zija sanawauze.

4. Wachisanu ndi chinayi

Asanalowe m'kalasi tsiku lotsatira, Henrike anafufuta kankhope kake koseka kaja. Chithunzicho chinali chikadalipo, ndipo ena anali atachitumiza kale ku makalasi ena.

Pa nthawi ya nkhomaliro anamupeza Thao ali yekha poimika njinga, akudya buledi wa tchizi. Henrike anayamba kufotokoza mozungulira. Anati sanaganize bwino, anati Torben anamuyang'ana, anati wafufuta kale. Thao anamusiya mpaka mawu anamuthera.

"Ndinawerenga," anatero Thao. "Anaseka anthu 19. Iwe unali wachisanu ndi chinayi. Za Torben sizinandidabwitse, mutu wake ndi mpira womwe amamenya uja. Koma iwe tinayambira limodzi sukulu ya mkaka."

Henrike anati apita kukanena kwa Bambo Rennert. Thao anapukusa mutu. Anati nkhani ikakula, amene adzavutike ndi makolo ake. Mazenera a sitolo yawo anaswedwapo kale kawiri, ndipo bambo ake amangomuuza kuti aziwerama, azikhoza mayeso, asamayankhe.

"Akuti ndibwerere kwathu," anatero Thao, akupinda pepala la buledi. "Kwathu ndi kuseri kwa siteshoni, nyumba yachitatu. Ku Vietnam ndinapitako kamodzi, ndipo kumeneko ankanditcha Mjeremani. Ngati ukufuna kulankhula, lankhula za iwe mwini. Usanditenge ine ngati sopo wosambira kuti uyere."

Nthawi yomweyo Torben anadutsa ndi anzake awiri, mpira uli m'khwapa. Anaima n'kufunsa ngati Henrike wasanduka sisitere wotonthoza olira. Anati inali nthabwala chabe, ndipo munthu wosamva nthabwala ndiye kuti si wakuno. Anzakewo anaseka asanamalize n'komwe kulankhula.

Henrike anawayang'ana m'kamwa. Mmodzi anali ndi nyenyeswa za soseji m'mano, ndipo posekapo anatsamira paphewa la Torben. Henrike anatsonya n'kuyang'ana kumbali. Atacheuka anapeza Thao wapita.

Khadi lija linakhala m'chikwama chake masiku asanu. Lachitatu ataweruka analitulutsa, analembapo, n'kuimbira agogo ake kuwauza zomwe walemba. Agogowo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anadula foni.

5. Makadi

Lachinayi anabwereranso ku nyumba ya zikalata ija. Mayi Weidlich anayenda mzere ndi mzere akutolera makadi. Onse anali osalembedwa kanthu.

Aliyense anali ndi chifukwa chake. Wina anati banja lawo linali kumunda tsiku limenelo. Wina anati agogo ake ankadana ndi chipani chija mumtima. Torben anati agogo awo aakulu ankabisa anthu othawa m'chipinda cha pansi pa nyumba, ndipo ana ena atatu anati kwawonso zinali choncho.

Mayi Weidlich sanakwiye. Anati zimenezi anazizolowera, chifukwa kulikonse komwe anafunsa zidzukulu, pafupifupi aliyense anali ndi agogo amene anathandiza ozunzidwa. Anati akanakhala ochuluka choncho othandizawo, pamsika paja pakanakhala pululu, ndipo wojambula akanasowa chojambula.

Atafika pa Henrike anatambasula dzanja. Henrike sanapereke khadilo. Anaimirira, n'kuliwerenga yekha mokweza.

"Nambala 14 ndi Liesbeth Amthor, amene atakwatiwa anakhala Liesbeth Trautvetter. Ndi mayi awo a agogo anga. Ankakhala nyumba yogundizana ndi Elfriede, ndipo Elfriede ndi amene ankawaluka tsitsi."

Wina kumbuyo analiza kakhweru kapansipansi. Henrike sanakhale pansi. Anagwira mpando wa kutsogolo kwake.

"Pali china. Sabata yatha, m'chipinda chomwe chino, chithunzi ichi tinachisandutsa choseketsa. Tinanyoza nacho munthu ali pomwe pano. Ine ndinaona bwinobwino, ndipo ndinaseka nawo. Palibe anandikakamiza."

Bambo Rennert anafunsa kuti akunena chiyani, ndipo ndani anayambitsa. Henrike anati iye akunena za iye mwini. Ana ena onse anaweramitsa mitu ngati akufuna singano pansi. Torben anati mtsikanayu wadwala mutu, ndipo anayesa kuseka, koma ulendo uno anaseka yekha.

Kenako kunamveka kukoka mpando. Thao anaimirira, anapita kutsogolo, n'kuika foni yake patebulo la Mayi Weidlich, chithunzi chija chili poonekera. Anabwerera pamalo pake n'kupinda manja.

Bambo Rennert atachiona nkhope yawo inasintha. Anauza kalasi yonse kuti ibwerere kusukulu nthawi yomweyo, ndipo Torben, amene dzina lake linkaoneka pafonipo kuti ndiye anachitumiza, akaonane ndi mphunzitsi wamkulu. Anawo anatuluka mwakachetechete. Podutsa pa Henrike, mtsikana wina amene ankakhala naye desiki imodzi anamunong'oneza kuti ndi Yudasi, wogulitsa anzake ndi akufa omwe. Foni ya Henrike inanjenjemera kamodzi. Anali atamuchotsa pa gulu la kalasi.

Mayi Weidlich anapempha kuti Henrike atsale pang'ono. Analemba dzina lija m'kaundula wawo mosafulumira, kenako anavula magalasi.

"Sindikuyamika ngati ngwazi, mwanangu, chifukwa si ndiwe ngwazi," anatero. "Wanena zoona mochedwa ndi sabata imodzi, basi. Ndikuona pankhope pakopo kuti wanyansidwa ndi gogo wako, wanyansidwa ndi anzako, wanyansidwa ndi iwe mwini. N'zabwino, koma samala nako kunyansidwako. Kumakoma. Munthu amayamba kudziona woyera pakati pa odetsedwa, ndipo akafika pamenepo amakhala wokonzeka kukweza wina pangolo. Ndaona anzanga ophunzira kwambiri akuchita zimenezo. Gogo wako ankakukonda, zimenezo n'zoona. Anaseka pamsika, zimenezonso n'zoona. Usataye chimodzi kuti chinacho chikupepukire, unyamule zonse. Sunasankhe kubadwira m'banja limenelo kapena m'dziko lino, ndipo mlandu wa 1941 si wako. Wako ndi wa sabata yatha. Umenewo sukonzeka ndi mawu a lero okha. Mawa pa nkhomaliro mnzako uja adzakhala yekha, ndipo kudzakhala kulibe Mayi Weidlich wokuonerera. Ndi pamenepo pomwe udzadziwike kuti ndiwe ndani."

Henrike anafunsa ngati iwo anapezapo wachibale wawo pachithunzipo. Mayiwo anatenga cholembera n'kuloza nambala 3, bambo wachinyamata wonyamula kamnyamata pamapewa. Anati amenewo ndi bambo awo, ndipo kamnyamatako ndi mchimwene wawo. Kenako anamuuza kuti athamange, anzake asamusiye.

6. Galimoto pachipata

Anzake anali atamusiya kale. Panja panalibe aliyense kupatula Thao, amene ankamasula njinga yake pang'onopang'ono.

Henrike anapepesa chifukwa nkhaniyo yamufika Thao ngakhale sanamutchule. Thao anati foni anaiika yekha patebulo, palibe anamutuma, ndipo za kunyumba akaziona yekha. Anakwera njinga. Asananyamuke ananena, osamuyang'ana, kuti asaganize kuti zatha. Koma anawonjezera kuti mawa akhala poimika njinga pomwe paja, ndipo benchi yake ndi yaitali.

Henrike anakankha njinga yake kulowera kuchipata. Kumeneko kunaima galimoto yakale yobiriwira, injini ikulira. Anaizindikira.

Agogo a Eckehard anali ataima pambali pake. Anavala jekete lakuda lomwe ankavala pa maliro pokha, ndipo kumapazi anavala nsapato zamphira zoyendera m'matope. Maso awo anali ofiira ngati munthu amene sanagone. Henrike anaima patali pang'ono, akudikira kukalipiridwa.

Anamufunsa ngati wanenadi. Iye anavomera. Agogowo anagwedeza mutu kangapo, akuyang'ana pansi. Kenako anatsegula kumbuyo kwa galimoto, ananyamula njinga ya Henrike n'kuilowetsa.

"Mayi Weidlich akowo akudziwa za Elfriede," anatero. "Koma za mnyamata uja zikalata zawo sizinena. Dzina lake anali Tadeusz. Sanabwerere ku Poland, ndipo sanachoke n'komwe ku Orlenroda kuno. Mayi anga anandionetsa malo amene anamuphera, kunkhalango uko, kamodzi kokha, ndili ndi zaka 12, n'kundilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. Amene ankadziwa onse anatha, ndatsala ndekha."

Anatsegula chitseko cha kutsogolo.

"Wafuna kudziwa, ndiye udziwe zonse. Kwera, dzuwa lisanalowe."

Henrike anakwera. Galimotoyo inadutsa pamsika, inadutsa siteshoni, ndipo itafika pa mphambano agogowo sanakhotere ku njanji. Anakhotera kumanzere, mu msewu wafumbi wolowera kunkhalango.